RIPA IYESEDWE COYAMBA PA LIMA IMODZI

MWEZI wa November ukafika, m'midzi ya ku Katete, Chadiza ndi Petauke mumabuka mkangano womwewo caka ndi caka: kodi ng'ombe ziyambe kulima munda wa yani? Pulawo silowa m'nthaka youma, cotero aliyense amayembekeza mvula. Ikagwa, mwini ng'ombe amayamba munda wake, nadza kwa apongozi ake, ndipo wobwereka amafikiridwa Khrisimasi ili pafupi. Cimanga cobzalidwa mocedwa motere cimakhala citataya kale mbali ya zokolola cisanamere.

Vuto limeneli ndilo lacititsa mabanja ena kuyesa khasu long'amba nthaka lochedwa Magoye Ripper, limene alimi amangoti ripa. Dzinali linacokera ku malo ofufuzirako zamalimidwe a ku Magoye, pafupi ndi Mazabuka m'Cigawo ca Kumwera. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba mu 1996 pansi pa Zambia National Farmers' Union, linathandiza kwambiri kulifalitsa.

Ripa ndi dzino limodzi lacitsulo. Mlimi amamasula khasu lotembenuza dothi pa pulawo yake yakale, namanga dzinolo pa mtanda womwewo. Silitembenuza munda wonse ai. Limang'amba kamzere kopapatiza kakuya masentimita 15 kufikira 20, ndipo mizere imatalikirana masentimita 90. Pakati pa mizere nthaka imasiyidwa monga iliri, yofundidwa ndi mapesi. Manyowa, laimu, feteleza ndi mbeu zonse zimalowa mumzeremo. Alimi a cimanga a ku Iowa ndi Illinois m'dziko la America amacita cimodzimodzi ndi mathirakitala aakulu, kulima timizere tokha tobzalamo. Nzeru yake ndi yomweyo.

Phindu loyamba likhoza kuwerengedwa ndi mwana wa sukulu. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Pulawo yodula masentimita 25 pa ulendo umodzi iyenera kupita ndi kubwera maulendo 200, ndiko kuti ng'ombe ndi woziyendetsa amayenda makilomita 10. Ripa imafuna mizere 55 yokha, osakwana makilomita atatu. Ndiponso nchitoyi imagwiridwa m'cilimwe, kotero kuti mvula yobzalira ikagwa banja limangotenga mbeu.

Palinso phindu lobisika pansi. Munda wolimidwa ndi pulawo zaka zambiri pa kuya kumodzimodzi umakhala ndi dothi lolimba ngati phale pamene khasu limapalira. Mizu ya cimanga ikafika pamenepo imapindikira m'mbali, madzi nawo amathamanga pamwamba natenga dothi. Dzino la ripa likazamitsidwa bwino limaswa phale limeneli, ndipo mvula imalowa pamene pali mbeu. Amene anaona cimanga cikufota m'caka ca 2024, pamene Mtsogoleri wa Dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, adziwa mtengo wa dontho lililonse losungidwa m'nthaka.

Koma tinganamize owerenga athu tikati ripa ilibe zovuta. Coyamba ndi udzu. Pulawo imakwirira udzu, ripa imausiya. Pakati pa mizere, kapinga ndi maudzu ena amamera limodzi ndi cimanga, ndipo banja lopanda ndalama za mankhwala ophera udzu liyenera kupalira msanga, mwina katatu. Kawirikawiri khasu lopalira lili m'manja mwa amai ndi ana. Bambo amene akondwera kuti ng'ombe zake zapumula ayenera kufunsa akazi ake ngati nawonso apumula.

Caciwiri ndi nthawi yong'ambira. Mu October nthaka ili gwa, ng'ombe zili zoonda, ndipo dzino limangokanda pamwamba ndi kutha msanga. Alangizi amati ndi bwino kung'amba zokolola zitangocoka m'munda, mu May kapena June, nthaka ikadali ndi kacinyezi ndi ng'ombe zikadali ndi mphamvu. Cacitatu ndi mapesi. Ziweto za m'mudzi zimawadya, ndipo otsala amapsa ndi moto wa anyamata osaka mbewa. Nkhani iyi banja limodzi silingaithe palokha. Ifunika mau a mfumu.

Pa zifukwa izi, ife tiona kuti banja lisathamangire kutaya khasu la pulawo. Lisankhe malima awiri oyandikana, a dothi lofanana, imodzi ilimidwe monga mwa masiku onse, inzake ing'ambidwe. Mbeu ikhale ya mtundu umodzi, feteleza wa D Compound ndi wa Urea akhale wa muyeso umodzi. Mwana wodziwa kulemba asunge m'kabuku tsiku lobzala, masiku amene banja lathera popalira, ndi ndalama zoonongedwa pa lima iliyonse. Pokolola, cimanga ca malima awiriwo cisasakanizidwe m'nkhokwe cisanatongoledwe ndi kuwerengedwa matumba ake.

Caka cimodzi sicikwanira kuweruza mlanduwu, pakuti mvula ya caka cino si ya caka camawa. Akhomereni zikhomo kumapeto kwa mizere, kuti caka cotsatira dzino lidzapite m'malo omwewo mmene munatsalira manyowa ndi feteleza.