Mudzi Womwe Unadziimikira Wokha Mlongoti wa Lamya

Ku Talea de Castro, mudzi wa m'mapiri a Oaxaca m'dziko la Mexico, kunalibe rede ya lamya za m'manja. Makampani akuluakulu anakana kukaimikako mlongoti, ati anthu ake ndi ochepa, phindu palibe.

M'chaka cha 2013 eni mudziwo anagwirizana pamsonkhano, ndipo mothandizidwa ndi bungwe la Rhizomatica anaimika makina awoawo. Munthu ankalipira 15 pesos pamwezi, n'kumaimbira anzake a m'mudzimo mwaulere. Abale a kutali ankawaimbira motchipa kudzera pa intaneti.

Chinawathandiza n'chiyani? Lamya ndi mlongoti zimamvana chifukwa cha mapulogalamu a m'kati mwake, amene makampani amawabisa. Koma pali akatswiri ena amene amalemba mapulogalamu otere n'kuwaika poyera kuti aliyense awawerenge, awakonze ndi kuwagwiritsa ntchito osalipira. A ku Talea anayamba ndi ina yotchedwa OpenBTS. Ku Germany, Harald Welte ndi anzake anayambitsa OpenBSC mu 2008, ndipo mu 2010 anatulutsa OsmocomBB, yoyendetsa kalamya kotchipa ka Motorola C123.

Mu 2016 boma la Mexico linapatsa midzi yotereyi chilolezo chake.

Kuno kumalire, kumene ena amachita kukwera chulu kuti aimbe lamya, nkhaniyi njofunika kuiganizira. Pulogalamu njaulere, koma makina ndi magetsi zimalira ndalama, ndipo chilolezo amapereka ndi a INCM. Pajatu mutu umodzi susenza denga.