Zithunzi Zothandiza Ana Ovutika Kuyankhula

M'sukulu za mkombaphala za ku Chiosya, monganso m'madera ena a boma lino la Mchinji, mumapezeka ana amene afika zaka 4 koma sathabe kulumikiza mawu awiri. Mwana wotere amamva njala, ululu ndi mantha monga anzake. Chimene akusowa ndi njira yozinenera.

Njira imodzi ndi bolodi la zithunzi. Mlezi amadula katoni n'kujambulapo zinthu zimene mwanayo amazidziwa: phala, madzi, mpira, chimbudzi, amayi. Poyamba mwana amaloza chithunzi chimodzi, mlezi n'kutchula dzina lake momveka bwino. Akazolowera, aloze ziwiri motsatizana: dzanja lopempha, kutanthauza "ndikufuna", kenako "madzi". Pambuyo pake zitatu: "amayi", "akuphika", "phala". Apo ndiye kuti chiganizo chathunthu chapangidwa.

Makolo ena amaopa kuti zithunzi zimulepheretsa mwana kuyankhula. Si choncho ayi, pakuti nthawi iliyonse akaloza amamvanso mawuwo akutchulidwa. Chofunika n'kumudikira modekha, osamuyankhira, ndiponso kugwiritsa ntchito bolodi lomwelo kunyumba.

Kusamva bwino kumachedwetsanso kuyankhula. Choncho, makolo, pitani naye mwanayo kuchipatala cha Chiosya kuti akamuone m'makutu asanayambe Sitandade 1.