Ndowa Ziwiri ndi Nsanza Zingakugulireni Feteleza

Inu alimi anzanga a ku Mangochi, lero ndifuna ticheze za ntchito imene si ya khasu. Mwina mudabwa, muti, "Kodi mlangizi wa zaulimi wayamba liti kunena za magalimoto?" Tamverani. Zaka zapitazi munda wokha walephera kudyetsa mabanja ambiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda m'chigawo chathu cha Kummwera. Mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu inakwera. Mu Malichi 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Chotero banja lanzeru liyenera kukhala ndi kantchito kena kobweretsa ndalama pambali pa munda.

Anyamata athu ambiri akasowa chochita amagulitsa mbuzi za makolo kuti apeze ndalama za ulendo wa ku Joni. Ena akafika kumeneko, ntchito imene amaipeza ndiyo yotsuka magalimoto a eni ake. Nanga bwanji osaiyamba konkuno, kumene mnyamata amagona m'nyumba ya kwawo ndipo munda auona tsiku ndi tsiku?

Magalimoto alipo

Boma lathu, limene linayamba mu 1891 ndi dzina la Fort Johnston, lili pamphambano. Msewu wochokera ku Liwonde umafika pano. Wina umaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi nukwera ku Namwera kufikira ku malire a Chiponde. Winanso umatsata nyanja kupita ku Monkey Bay, ndipo alendo opita ku mahotela a ku Nkopola ndi Makokola kapena ku Cape Maclear amadzera momwemo.

Taganizani tsono za amene amayenda m'misewu imeneyi: maminibasi, njinga zamoto za kabaza, malole onyamula usipa ndi utaka, magalimoto a maofesi ndi a alendo. Nyengo ya mwera ndi ya chilimwe amadetsedwa ndi fumbi, nyengo ya dzinja ndi matope. Wobwera kunyanja amabwerera ndi mchenga m'galimoto, wonyamula nsomba amatsala ndi fungo. Onsewa afuna wowatsukira.

Zoyambira nazo

Simufunika makina ayi. Pezani ndowa ziwiri za malita 20, siponji, bulashi, sopo ndi nsanza zofewa zinayi. Ndalama zake mungazipeze pogulitsa nkhuku zingapo kapena pobwereka pang'ono ku banki m'khonde. Musagulitse mbewu imene munasungira kubzala.

Malo akhale pafupi ndi msewu, pamthunzi wa mtengo, kufupi ndi madzi. Musanakhome chikwangwani, pitani kwa mwini malo, kwa amfumu, ndiponso ku khonsolo kukafunsa za chilolezo. Ngati mutunga pa mjigo wa mudzi, gwirizanani ndi komiti yake za nthawi ndi chopereka, kuti musayambane ndi amayi odzatunga madzi akumwa.

Chinthu chimodzi ndikuletsani ndithu: musatsukire galimoto m'nyanja kapena mu Shire. Mafuta ndi sopo zimaononga madzi amene abale anu amamwa ndi m'mene chambo chimaswana. Nonse mudziwa mmene chambo chinachepera ku nyanja ya Malombe. Tisaonjezere vuto pa vuto. Ndiponso woima m'madzimo tsiku lonse adziitanira likodzo, osanena za ng'ona. Kumbani dzenje pamalo anu, mudzazemo miyala, kuti madzi akuda azilowa pansi. Dzenjelo likhale kutali ndi chitsime.

Katsukidwe koyenera

Ntchito yabwino ndiyo imaitana anthu, choncho sungani malamulo awa.

Choyamba, thirani madzi oyera pa galimoto yonse musanaikhudze ndi nsanza. Mchenga wa kwathu kuno uli ngati tupa. Mukaupukuta wouma ukanda penti.

Chachiwiri, ndowa imodzi ikhale ya sopo, inayo ya madzi otsukuluzira siponji. Mukatero mchenga utsalira m'ndowa yachiwiri, subwerera pa galimoto.

Chachitatu, yambani pamwamba kutsikira pansi, matayala akhale omalizira. Nsanza ya matayala isakhudze magalasi kapena penti, ndipo nsanza ikagwa pansi ichapeni musanaigwiritsenso ntchito.

Chachinayi, musatsuke padzuwa. Kutentha kwa Okutobala kumaumitsa sopo msanga nasiya mawanga. Dziwaninso kuti sopo waufa wochapira zovala ndi waukali, amachotsa polishi. Mukapeza ndalama gulani sopo wa magalimoto.

Chachisanu, m'kati tulutsani makapeti, muwakunthe, muwachape ndi kuwayanika. Pa fungo la nsomba pukutani ndi madzi osakaniza viniga, kenaka tsegulani zitseko kuti muume. Mpando wotsekeredwa uli wonyowa umanunkha kuposa nsombazo.

Chachisanu ndi chimodzi, musakhuthulire madzi pa injini. Ine ndinaziona ndekha. Tsiku lina ndikuchokera ku munda wachitsanzo ndinasiyira mnyamata wina njinga yanga yamoto. Iye pofuna kundikondweretsa anaithira madzi ponseponse, ndipo inakana kulira mpaka ndinaikankha kupita nayo kwa makaniko. Sindinabwererekonso.

Kupeza anthu

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amakhoma chikwangwani, nakhala pansi pa mtengo kudikira. Kodi mlimi wa tomato amadikira ogula kumunda? Iyayi, amasenza dengu kupita kumsika. Inunso nyamukani.

Yambani ndi a kabaza, pakuti ndi ambiri, njinga yamoto sitenga madzi ambiri, ndipo amauzana nkhani pa siteji. Kenaka lankhulani ndi madalaivala a maminibasi. Iwo masana alibe nthawi, choncho apatseni nthawi yawoyawo, m'mamawa asanayambe kapena madzulo ataweruka. Pitani ku maofesi ndi ku nyumba zogona alendo mutavala zoyera, mupereke moni mwaulemu, muti, "Bwana, ndiloleni nditsuke kamodzi muone ntchito yanga." Mlonda wa pageti musamudutse ngati mtengo, chifukwa mlendo akafuna wotsuka amafunsa iyeyo.

Dziwani masiku anu. Lachisanu pa nthawi ya mapemphero ku mzikiti, ndi Lamulungu ku tchalitchi, magalimoto amaima nthawi yaitali. Pemphani chilolezo kwa akuluakulu a pamalopo. Loweruka ndi tsiku la maukwati. Pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, pa Khirisimasi, pa Isitala ndi pa Idi anthu amayenda kwambiri, ndipo ochuluka amathamangira kunyanja. Masiku amenewo sopo asakuthereni.

Lembani mitengo pa bolodi: wa njinga yamoto, wa galimoto yaing'ono, wa minibasi, wa lole, wa kunja kokha ndi wa m'kati momwe. Mtengo ukhale umodzi kwa onse. Mukakweza chifukwa mwaona mlendo, iye akamva sadzabweranso. Munthu akafuna kunja kokha, muonetseni mchenga uli pansi pa mpando, mumuuze mtengo wochotsera. Akakana musamukakamize. Wobwera kawirikawiri mpatseni basera monga achitira amayi a pamsika: akatsukitsa kasanu, kachisanu ndi chimodzi mtsukireni ulere. Lembani nambala yake ya foni, ndipo lolani kuti alipire pa Airtel Money kapena Mpamba ngati alibe ndalama m'manja.

Kukhulupirika

Mwini galimoto akusiyirani chuma chachikulu. Musanayambe, zungulirani naye galimotoyo, mumuonetse pamene panakandika kale, ndipo mumupemphe achotse ndalama ndi foni. Mukapeza kanthu pansi pa mpando, ngakhale kandalama kachitsulo, kaikeni poonekera. Mnyamata amene amatsuka njinga yanga tsopano anandipeza ndi njira imeneyi: ananditsata mpaka ku ofesi kudzandipatsa kabuku kanga ka maina a alimi kamene ndinaiwala. Kuyambira pamenepo anzanga a ku ntchito ndimawalozera kwa iye.

Makiyi a galimoto si anu. Ngati mulibe laisensi musaiyendetse, ngakhale kuisuntha pang'ono. Ngozi ya mphindi imodzi ingadye phindu la chaka chonse ndi kukufikitsani ku polisi.

Kusunga ndalama

Gulani kope. Madzulo alionse lembani zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Gawani ndalamazo patatu: gawo la sopo, madzi ndi zipangizo, gawo la pakhomo, gawo la feteleza ndi mbewu. Gawo lachitatuli lisagone m'thumba, liperekeni ku banki m'khonde sabata ndi sabata. Ngongole ichepe. Dalaivala wonena kuti "ndilipira mawa" mungamulole kamodzi, koma asatsukitsenso asanabweze.

Makasitomala akachuluka mpaka ena kubwerera, pamenepo ndiye tengani wothandiza, ndipo mumuphunzitse malamulo onse aja. Kenaka gulani polishi, mgolo wosungira madzi, ndi pambuyo pake makina opopera madzi kapena oyamwa fumbi ngati pamalopo pali magetsi. Musayambe ndi makina a ngongole anthu musanawapeze. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Munda usagone

Pomaliza ndibwerere ku ntchito yanga. Matope amachuluka nthawi yomweyo imene munda ufuna kupalira ndi kubandira. Mukathamangira magalimoto n'kusiya udzu, ndalama zonse mudzagulira chimanga chodula mu Febuluwale. Gawanani ntchito pabanja: kumunda m'mawa, kotsuka masana, kapena wina uku wina uko. Atsikana nawonso angaigwire ntchitoyi bwino lomwe.

Inu makolo, mwana wanu akadzakupemphani ndalama za ulendo, khalani naye pansi muwerengere limodzi. Kagawo kochepa ka ndalama zimenezo kangagule ndowa ziwiri, bulashi ndi sopo. Muloleni ayese miyezi itatu, akulemba m'kope tsiku lililonse, ndipo kopelo lidzakuuzani ngati ntchitoyo ikupindula. Amene afuna malangizo ena afunse mlangizi wa m'dera lake pa tsiku la msonkhano wa kalabu.