Kutupa Kwadzidzidzi kwa Kapamba: Zoyambitsa, Kuopsa Kwake ndi Thandizo la Kuchipatala

Kapamba ndi chiwalo chotalika masentimita pafupifupi 15 chimene chinagona chopingasa kuseri kwa chifu, ndipo kuwonjezera pa kupanga insulini yowongolera shuga m'magazi, amatulutsanso timadzi tamphamvu togaya chakudya. Timadziti timayenera kuyamba ntchito tikafika m'matumbo aang'ono, koma tikayamba kugwira ntchito tisanatuluke, timagaya kapamba yemweyo mpaka kumutupitsa, ndipo awa ndiwo matenda amene madokotala amawatcha acute pancreatitis.

Zinthu ziwiri ndizo zimayambitsa matendawa mwa anthu ambiri. Choyamba ndi timiyala topangika m'ndulu, chifukwa njira ya ndulu ndi ya kapamba zimakumana polowera m'matumbo, motero kamwala kakatsakamira pamenepo timadzi ta kapamba timasowa potulukira, monga momwe dokotala Eugene Opie wa ku Johns Hopkins anafotokozera mu 1901. Chachiwiri ndi kumwa mowa mwauchidakwa kwa zaka zambiri, kaya ndi kachasu kapena wa m'botolo. Zina ndi kuchuluka kwambiri kwa mafuta kapena kashiamu m'magazi, kuvulala pamimba, matsagwidi, njoka zam'mimba zikakwera n'kutseka njira ya ndulu, komanso mankhwala ena monga stavudine ndi didanosine, amene kale ankaperekedwa kwa anthu omwe ali ndi HIV.

Wodwala amamva ululu woopsa pamwamba pa mchombo, umene umabwera mwadzidzidzi, sulekeza, ndipo kawirikawiri umalasa mpaka kumsana, kotero kuti amapezako bwino akakhala pansi n'kuweramira kutsogolo; ambiri amasanzanso mobwerezabwereza. Popeza ululu wotere umafanana ndi wa zilonda zam'mimba, nthawi yofunika imatayika pamene munthu akudalira mapiritsi a kugolosale. Dokotala amatsimikiza matendawa akapeza ziwiri mwa zinthu zitatu izi: ululu wa mtundu umenewu, kukwera m'magazi kwa lipase kapena amylase, omwe ndi ena mwa timadzi ta kapamba, kufika katatu pa mlingo wake, ndi kutupa kooneka pa sikani.

Kuopsa kwa matendawa sikuyezedwa ndi kukula kwa ululu, koma ndi momwe ziwalo zina zikupiririra. Ndondomeko ya ku Atlanta, imene inakonzedwanso mu 2012, imagawa odwala patatu. Pafupifupi anayi mwa asanu aliwonse amadwala pang'ono ndipo amachira pakatha sabata imodzi. Gulu lachiwiri ndi la amene impso, mapapo kapena kayendedwe ka magazi zimafooka koma n'kubwerera mwakale maola 48 asanathe, kapena amene madzi amadikha mozungulira kapamba. Gulu lachitatu ndi la amene kufookaku kumapitirira maola 48, ndipo imfa zambiri zimachitika m'gulu limeneli, makamaka mbali ina ya kapamba ikafa n'kulowedwa ndi mabakiteriya.

Palibe mankhwala amene amazimitsa kutupako mwachindunji, choncho ntchito ya achipatala ndi kuchirikiza thupi kufikira kapamba atapola. Wodwala amaikidwa diripi, makamaka ya Ringer's lactate, chifukwa madzi ambiri amatuluka m'mitsempha, koma kafukufuku wa WATERFALL wa mu 2022 anaonetsa kuti kuthira madzi mopitirira muyeso kumadzaza thupi popanda phindu, motero anamwino amayeza mkodzo, kugunda kwa mtima ndi mpweya pafupipafupi. Ululu umachepetsedwa ndi mankhwala amphamvu monga morphine. Kale odwala ankaletsedwa kudya kwa masiku ambiri, koma tsopano zikudziwika kuti kudya msanga chakudya chopanda mafuta ambiri, kapena kudyetsedwa kudzera m'kachubu kolowera m'mphuno, kumateteza matumbo. Mankhwala opha mabakiteriya amaperekedwa pokhapokha pali umboni wakuti tizilombo talowa, ndipo mafinya akapangika, madokotala amayamba ndi kuwakhetsa ndi kachubu, n'kuyesetsa kudikira masabata anayi asanachite opaleshoni yochotsa mnofu wakufa. Amene ziwalo zawo zafooka amafunika chipinda cha odwala mwakayakaya.

Kuchira sikukwanira ngati choyambitsa chatsala. Ngati ndi timiyala ndipo matenda sanakule, ndulu imachotsedwa wodwala asanatuluke m'chipatala, pakuti kuzengereza kumabweretsanso vutolo, pamene wa mowa ayenera kuuleka kotheratu, chifukwa kutupa kobwerezabwereza kumaononga kapamba mpaka munthu kuyamba kuwonda, kutsegula m'mimba ndi kudwala matenda a shuga. Popeza impso ndi mapapo zimatetezedwa bwino thandizo likayamba pa tsiku loyamba, munthu amene wagwidwa ndi ululu wolasa kumsana pamodzi ndi kusanza ayenera kuperekezedwa kuchipatala tsiku lomwelo.