Utoto wa m'zikope: kodi wodula ndiye wabwino?

Loweruka liri lonse m'mawa, nyumba zokonzeramo tsitsi m'Kalingalinga zimadzaza ndi azimai ndi atsikana okonzekera maukwati. Pa zipangizo za wokongoletsa mkwatibwi sipasowa kabokosi ka utoto wopaka m'zikope, umene pa Cingerezi amaucha eyeshadow. Masiku ano utotowu wafikanso ku Petauke, ku Katete ndi ku Chadiza, m'zikwama za abale ocokera ku Lusaka.

Mzimai wa m'Kalingalinga ali ndi misika iwiri. Pafupi ndi University of Zambia pali masitolo a East Park, kumene kabokosi ka dzina lochuka kangathe kuposa mtengo wa thumba la ufa. Ku Kamwala ndi ku City Market kabokosi kooneka cimodzimodzi kamagulidwa ndi ndalama zocepa. Tsono nzeru iri pati?

Utoto wodula ndi wochipa womwe umapangidwa ndi zinthu zofanana: ufa wa mwala wofewa wochedwa talc, mwala wonyezimira wochedwa mica, wonga umene unkakumbidwa ku Lundazi m'nthawi ya atsamunda, zopatsa mtundu zocokera ku citsulo, ndi mafuta ocepa omangira zonsezi pamodzi. Kusiyana kuli pa kaperedwe ndi muyeso. Wodula kawirikawiri amaupera mosalala ndi kuthiramo mtundu wocuruka, kotero umaoneka msanga pa khungu lakuda, ndiponso susungunuka ndi thukuta la mwezi wa October. Wochipa wina umatuwa ngati phulusa, ndipo umafuna kupaka katatu.

Komabe gawo lalikulu la mtengo wa wodulayo ndi la dzina, kabokosi kokongola, kulengeza malonda, msonkho wa pa malire ndi lendi ya sitolo. Zimenezi sizifika pa cikope. Mmisiri wokongoletsa akwatibwi, amene nchito yake iyenera kukhalitsa kucokera ku chalichi kufikira usiku, angathe kubweza ndalama zake. Koma mzimai wopaka kamodzi pa mwezi sataya kanthu pogula wochipa wodziwika kumene unacokera.

Coopsa ceni-ceni ndi utoto wacinyengo, wolembedwa dzina la kampani yochuka koma wosadziwika amene anaupanga. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Utoto wina wakuda wa m'maso, wochedwa kohl, umapezeka ndi mtovu, cifukwa cake boma la America siliulola kulowa m'dziko mwao. Anthu a m'Zambia amaudziwa mtovu: mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma pfumbi lake lapitiriza kudwalitsa ana. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ngakhale amene ali m'mimba.

Cotero wogula ayenera kuona ngati pa kabokosi palembedwa dzina la wopanga, dziko lake ndi zimene zirimo. Kacithunzi ka botolo lotsegula kokhala ndi 12M kapena 24M kamanena miyezi imene utoto ungagwire nchito utatsegulidwa. Kubwerekana kopakira kumafalitsa nthenda ya maso ofiira, ndipo utoto woyabwa kapena wosintha fungo ngwoyenera kutaya, kaya unagulidwa ku East Park kapena ku Kamwala. Wina maso akatupa, apite ku cipatala msanga, atanyamula kabokosiko kuti adokotala akaone.