BUKU LOLANKHULA

Kale, sukulu isanafike m'chigwa cha Domasi, nkhani zonse zinkalowera kukhutu. Madzulo ana ankakhala pamoto, agogo nayamba nthano kapena kuponya ndagi, ndipo mwana wosatchera khutu ankalephera kumasulira. M'chaka cha 1884 Alexander Hetherwick anatsegula mishoni pa Domasi, ndipo ana anaphunzira kulandira nkhani ndi maso, ndiko kuwerenga.

Patapita zaka, anthu a dziko lino anayamba kulemba mabuku awoawo. Mmodzi wa iwo anali Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bungwe lina la ku London linaitana anthu a mu Afirika kuti apikisane polemba m'zinenero zawo. Ntara analemba buku dzina lake Nthondo, napambana, nalandira mphotho. Bukulo linasindikizidwa m'chaka cha 1933. Likamba za mnyamata amene anakula ndi khalidwe la kuba, napita kutali kukafuna ntchito, nabwerera kwawo, nalowa ufumu, ndipo potsiriza anatembenuka mtima. M'chaka cha 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi, kotero kuti a kutsidya la nyanja analiwerenganso.

Koma buku, lingakome chotani, lili duu kwa munthu wosaona. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, yomwe chipilala cha asilikali ku Zomba chitikumbutsa, anyamata ambiri anachita khungu. Mmodzi wa iwo, Ian Fraser, anafunitsitsa kuti anzake asamanidwe mabuku. Tsono iye ndi anzake anapeza nzeru iyi: munthu wa mawu omveka bwino aziwerenga buku mokweza, ndipo mawu akewo azijambulidwa pa mbale za galamafoni. Mbali imodzi ya mbale inkalankhula mphindi 25. M'chaka cha 1935 mabuku olankhula oyamba anatumizidwa kwa akhungu a ku Mangalande.

Limodzi la mabuku oyambawo linali la mayi Agatha Christie, lonena za munthu wachuma amene anapezeka ataphedwa m'nyumba mwake, wakupha wake wosadziwika. Buku lotere lifanana ndi ndagi yaitali. Wolemba abisa yankho kufikira tsamba lotsiriza, koma m'njira monse agwetsa zizindikiro, monga nyama isiya mapazi pamchenga wa mtsinje. Mwina ndi chitseko chotsekedwa, mwina mpando wosunthidwa, mwina mawu amene munthu wina analankhula mosasamala. Wowerenga ndi maso akaiwala, abwerera m'mbuyo naonanso. Womvera ndi makutu ayenera kusunga zonse mumtima, monga ankachitira ana a pamoto aja.

Masiku ano mbale zija zinatha ntchito, ndipo mabuku olankhula amveka pa wailesi ndi pa lamya za m'manja. Komabe m'midzi yambiri alipo okalamba amene maso awo anafooka, alipo akhungu, aliponso ena amene sanapondeko kusukulu. Kwa iwowa buku lolankhula loposa onse ndiye mwana wa sukulu.

Mwana wofuna ntchito imeneyi ayambe wawerenga yekha tsambalo, kuti mawu ovuta asamkhumudwitse. Pamenepo akhale pafupi ndi womverayo, nawerenge pang'onopang'ono, osameza mawu, napume pamene pali mpumiro. Akafika pa chinsinsi asathamangire kuulula mathero, koma aleke agogo ayese nzeru zawo. Pakuti amene anampatsa nthano ali wamng'ono ayenera kubwezeredwa. Paja akuluakulu anati, kupatsa n'kuika.

MAFUNSO

1. Kodi Ntara anali yani, ndipo analemba buku lanji?
2. Chifukwa ninji Ian Fraser anafuna mabuku olankhula?
3. Buku la chinsinsi lifanana bwanji ndi ndagi?
4. Mwana wowerengera agogo ake asamale zinthu ziti?