Benz yakale ndi yotsika mtengo poigula, yodula poiweta

M'misewu ya m'chigwa cha Dedza, kuyambira pa Golomoti kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka, sizachilendo kukumana ndi Mercedes-Benz, BMW kapena Toyota Mark X yonyezimira ikupitirira njinga zonyamula makala ndi matumba a mpunga. Zambiri mwa galimotozi zinapangidwa zaka 15 kapena 20 zapitazo, ndipo pa intaneti, kwa makampani monga Be Forward ndi SBT Japan, mtengo wake nthawi zina sumasiyana kwenikweni ndi wa Toyota yaing'ono yazaka zochepa. Mphunzitsi, namwino wa pa chipatala kapena wamalonda amene wasunga ndalama kwa zaka amaona ngati mwayi wamugwera. Koma munthu wofuna galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku m'dera lino ayenera kuyamba wafunsa funso limodzi: n'chifukwa chiyani galimoto imene inali ya mabwana yatsika mtengo chonchi?

Yankho lake lili kumene ikuchokerako. Ku Japan galimoto imayesedwa koyamba ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo msonkho wa galimoto ya petulo umakwera ikapitirira zaka 13. Mwini wake akawerengera ndalama zokonzera ndi za msonkho amaona kuti kuli bwino kuigulitsa. Choncho mtengo wotsika uja ndi chigamulo cha anthu amene amaidziwa bwino galimotoyo, amene ali ndi magalaja a kampani pafupi ndi misewu yosalala, koma aiona kuti yayamba kudya ndalama. Galimoto imatsika mtengo ikamakalamba, koma masipeya ake satsika nawo. Pampu, sensa kapena giyabokosi ya Benz ya mu 2005 imagulidwabe pa mtengo wa Benz. Apa ndi pamene mwambi wa akuluakulu umakwanira: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndalama zimayamba kutuluka galimoto isanafike n'komwe pakhomo. Ikatsika padoko la Dar es Salaam, Beira kapena Durban, iyenera kulipiridwa msonkho ku MRA, ndipo msonkhowo umakula malinga ndi kukula kwa injini komanso ukalamba wa galimotoyo. Galimoto yamphamvu yakale imagwa mbali zonse ziwiri. Ikalowa mumsewu, injini ya masilinda 6 kapena 8 imamwa petulo wochuluka, m'dziko limene m'zaka zaposachedwapa anthu akhala akugona pamizere m'malo omwetsera mafuta. Tisaiwalenso kuti sipeya iliyonse imagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwirizi mitengo ya katundu wochokera kunja inalumpha pamene malipiro a ogwira ntchito anatsalira m'mbuyo.

Malo enieniwo nawo ali ndi mawu pa nkhaniyi. Msewu wa M5 uli ndi phula, koma moyo wa anthu suthera pa phulapo. Kupita kumunda ku sikimu ya mpunga ya Bwanje, kumaliro kumudzi kwa Kachindamoto, kapena kukagula nsomba kugombe, ndi msewu wafumbi m'chilimwe ndi wamatope m'dzinja, pamene mitsinje monga Nadzipulu ndi Livulezi imatsika ndi ukali kuchokera m'mapiri. Galimoto zothamanga zinapangidwa zogwada pansi, zokhala ndi matayala opyapyala m'mbali, kuti zigwire bwino msewu zikamathamanga. Pa dzenje limodzi tayala lotere limatupa kapena limu imapindika, ndipo mwala umodzi ungaboole pansi pa injini oyilo yense n'kutayika. Benz ndi Range Rover zina zimakhala pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i. Matumbawo akakalamba amabooka, galimoto n'kukhala pansi osadzukanso.

Ndiye pali chitunda cha Khwekhwelere. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene boma la Dedza lili pafupifupi mamita 1,600. Aliyense wa ku Golomoti wopita ku ofesi ya DC kapena kubanki ayenera kukwera mtunda umenewo pa msewu wokhotakhota wotulukira pa Masasa. M'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kukwera kotere kumayesa radiyeta, mapaipi a madzi ndi tizipangizo tapulasitiki timene tauma ndi ukalamba. Injini ikabwata kamodzi kokha, ndalama yokonzera ingafanane ndi imene galimotoyo inagulidwira. Potsika napo mabuleki a galimoto yolemera amatha msanga.

Ena anganene kuti galimoto za ku Germany n'zolimba, ndipo amaloza Benz zakalekale zimene zikuyendabe. Zoonadi, Benz za m'ma 1980 zinali zosavuta, makaniko wa sipanala ndi khutu lakuthwa ankazitha. Koma za m'ma 2000 kupita m'tsogolo zimayendetsedwa ndi makompyuta angapo, ndipo vuto lake limapezeka ndi makina olumikiza ku galimotoyo. Amakaniko a pa Golomoti ndi Mtakataka ndi aluso pa Sienta, Probox, Hilux ndi njinga zamoto chifukwa ndi zimene amagwira tsiku lililonse. Benz ikazima usiku pakati pa Mua ndi Salima, mwini wake ayenera kulipira galimoto yokoka, kenako kusakasaka sipeya ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre, mwinanso kudikira masabata kuti ichokere ku Johannesburg.

Ena amatchula chitetezo, ndipo mfundo yawo ndi yomveka: galimoto zimenezi zili ndi thupi lolimba komanso matumba ambiri oteteza pa ngozi. Koma chitetezocho chimadalira matayala abwino ndi mabuleki osamalidwa, zimene mwini wopanikizika m'thumba amayamba kuzizengereza. Mphamvu ya injini nayo ilibe poigwiritsa ntchito pa msewu wodutsa m'misika, wodzaza ndi akabaza, ana a sukulu, mbuzi ndi ngolo. Palinso amene amati munthu wakhetsa thukuta ali ndi ufulu wodzisangalatsa, ndipo palibe angamuletse. Kwa amene ali ndi galimoto ina yodalirika, ndalama yapadera yokonzera ndi makaniko wodziwa mtundu umenewo, kuweta Benz yakale ndi chisangalalo choyenera. Ngakhale pakati pa galimoto zapamwambazi pali kusiyana, poti Mark X kapena Crown imapezeka masipeya mosavuta kuposa BMW, ngakhale nayo ndi yogwada ndiponso yokonda mafuta.

Nkhani imasintha pamene galimotoyo ndi imodzi yokha pabanja. M'midzi muno galimoto ya munthu mmodzi imakhala ya mudzi wonse: imanyamula mayi woyembekezera kupita ku chipatala cha Mua usiku, imanyamula feteleza, imaperekeza maliro. Galimoto yotere iyenera kulira nthawi iliyonse kiyi akatembenuzidwa. Wofuna kugula ayambe wapita kwa makaniko wa pafupi ndi kwawo, amufunse ngati angaikonze, masipeya ake amapezeka kuti, ndiponso tayala limodzi ndi ndalama zingati. Awerengere mafuta a mwezi, inshuwalansi ndi COF, aone ngati malipiro ake angasenze zonsezi kwa chaka chathunthu popanda kukhudza fizi ya ana. Masamuwo akakana, agule galimoto yotukuka pansi, yosamwa mafuta, imene makaniko wa pa Golomoti angaikonze tsiku lomwelo.